Wopambana anabwerera chimanjamanja

Chibadwire sindinagwirepo chomenyera mpira wa tenisi. Bwalo lathu mukulidziwa, ndi lomwe lija timalimbirana ndi mbuzi. Arthur Ashe ndamudziwira m'buku limene anandibwereka aphunzitsi a mbiri, atamva kuti ndikuthawa makalasi a Loweruka n'kumakasewerera timu ya kumsika. Timuyo tikawina imatipatsa kangachepe, ka sopo ndi ka mayunitsi. Sanandikalipire. Anangoti, "Kawerenge, ubweze Lolemba."

Ashe anabadwa mu 1943 ku Richmond, m'boma la Virginia ku America, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kusewera m'mabwalo a azungu. Bambo ake ankayang'anira paki ya anthu akuda, ndipo nyumba yawo inali m'pakimo, pafupi ndi mabwalo a tenisi. Atakula anapita ku yunivesite ya UCLA pa sikolashipi ya tenisi. Mu 1965 anakhala katswiri wa mayunivesite onse a m'dzikolo, chaka chotsatira n'kulandira digiri ya zamalonda, kenako n'kulowa usilikali.

Pamene panandiimitsa ndi apa. Mu 1968 anapambana US Open atagonjetsa Tom Okker wa ku Netherlands. Mphoto inali madola 14,000. Koma Ashe anali asanalembetse ngati wosewerera ndalama, poti akanatero akanachotsedwa m'timu ya dziko lake ya Davis Cup. Ndiye ndalamazo zinapita kwa Okker, wogonjayo! Ndinawerenga kawiri. Ine pano munthu atandibera K2,000 ya gemu ndikhoza kumulondola mpaka kwawo.

Ndalama anadzazipeza pambuyo pake. Anapambana Australian Open mu 1970, ndipo mu 1975 anagonjetsa Jimmy Connors ku Wimbledon ali ndi zaka 31, anthu ambiri akuyesa kuti waphwa. Mpaka lero palibenso mwamuna wina wakuda amene anatenga chikho chimenecho. Boma la tsankho la South Africa linkamukaniza chilolezo cholowera m'dzikolo, iye osatopa kupempha, mpaka analowa mu 1973. Mu 1979 mtima unamuvuta, ndipo mu 1980 tenisi inathera pomwepo. Atasiya analemba mabuku atatu a mbiri ya osewera akuda a ku America. Anamwalira mu 1993 ndi Edzi, kachilombo atakatengera m'magazi amene anamuthira pa opaleshoni.

Lolemba ndinabweza bukulo, koma sindinangovomera ayi. Ndinati, "Sala, kumeneko mpira ndi umene unamulipirira fizi. Kuno mpira ndi sukulu zimalimbirana Loweruka lomwelo. Nanga ndani adzandilipirire koleji chifukwa choti ndimathamanga kuphiko?" Anaseka, n'kuvomera kuti palibe. Kenako anandifunsa kuti bondo langa litathyoka mawa, timu ya kumsika ingandisunge masabata angati. Ndinawerengera mumtima. Mnzathu wina amene anavulala chaka chatha sanamuyendere n'kamodzi komwe, pano amagulitsa chimanga chootcha.

MSCE yatsala miyezi isanu, ndipo masamu anga mukuwadziwa, amapachikidwa pa bolodi lomwe lino. Ndakauza kaputeni kuti ndizibwera Lamlungu lokha. Sanandiyankhe bwinobwino. Dzulo ndamva kuti jezi yanga nambala 7 wavala mnyamata wina wa Fomu 2.