Mbande Zanga Zitatu

Ana inu, ndikuuzani za mbande zitatu za nacesi zimene ndinalandira ndiri mwana, ndi umo ziwiri zinandifera m'manja.

Kwathu ndi kumapiri a Neno, kumene nacesi amabala kwambiri. Caka cina, mvula itangoyamba, amalume anadza kucokera kwao, pafupi ndi misyoni ya Matandani, imene inayamba m'caka ca 1908. Anabwera nazo mbande zitatu m'zitini zakale, nandipatsa, nati, "Uzisunge kufikira mvula ya caka ca mawa, ndipo tidzaziwoka kuseri kwa khola. Mitengo imeneyi idzakugulira mabuku." Ndinakondwa kwakukuru, pakuti ndinali ndisanakhale naco cinthu cangacanga.

Koma ndinaopa mbuzi. Cifukwa cace ndinalowa nazo zitini zonse m'nyumba, ndi kuziika kumutu kwa mphasa yanga. Nyumba yathu inali yaudzu, ya kazenera kamodzi kakang'ono, ndipo ngakhale usana munali mdima. Ndinazithirira m'mawa ndi madzulo. Utatha mwezi ndinaona kuti zatalika, ndipo ndinayesa kuti zirikukula bwino. Koma nsonga zace zinali zoonda ngati ulusi, masamba ace otumbuluka, ndipo zonse zitatu zinapendekera kucitseko. Imodzi inabvunda m'tsinde, nigwa.

Agogo ataziona anapukusa mutu, nati, "Mdzukulu wanga, kodi waona kumene zaloza? Zirikufuna kuturuka." Ine osadikira kumva mau ena ndinanyamula yaciwiri ndi kuiika pakati pa bwalo, pa dzuwa la tsiku lonse. Pofika tsiku lacitatu masamba ace anapsa, nayoyoka. Ndinalira, ndipo pokumbukira amalume ndinagwidwa ndi manyazi.

Yotsalayo agogo anaitenga okha. Anaiika pakhonde la kum'mawa, pamwamba pa mtondo wakale, naizinga ndi minga. Pamenepo dzuwa linaipeza m'mawa likali lofatsa, ndipo pofika masana tsindwi linaiphimba ndi mthunzi. Anandiletsanso kuthira madzi tsiku ndi tsiku. Ndiyambe ndapisa cala m'dothi, ndimve ngati lauma. Pang'ono pang'ono anaisendeza poyera, ndipo masamba atsopano anaturuka okhuthala ndi obiriwira bii.

Cifukwa cace ca zonsezi ndinaciphunzira pambuyo pace kusukulu. Tsamba lobiriwira ndilo limapangira mtengo cakudya, pakusakaniza madzi ndi mpweya mwa mphamvu ya kuunika kwa dzuwa. Popanda kuunika mbeu imva njala, mungakhale muithirire kotani, ndipo madzi amene siikhoza kumwa angobvunditsa mizu. Tsono tsamba lokulira mumdima likhala lopyapyala, ndipo mukaliturutsira pa dzuwa mwadzidzidzi lipsa.

Musayese kuti mbeu zonse zifuna dzuwa lofanana. Tsiku lina ndinazula kumtsinje, pansi pa thanthwe, kamera ka masamba onga nthenga, ndi kufunsa agogo poti ndikaike. Iwo anati, "Unakapeza potani?" Ndinati, "Pamthunzi, ponyowa, agogo." Anati, "Nanga undifunsiranji?" Ndinakabzala m'phale pambali pa mtsuko wa madzi, kungodya ya khonde kumene dzuwa silifika, ndipo kanakondwa pomwepo zaka ziwiri. Tsabola ndikadamuika pamenepo sakadabala. Iye afuna poyera, pamodzi ndi mpungabwi umene timapirikitsira udzudzu. Koko akonda ponyowa, kumene atsikira madzi osamba.

Dzuwa nalonso silidzera njira imodzi caka conse. M'dziko lathu, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julai, limapendekera kumpoto, ndipo khoma la kumwera ligona mumthunzi tsiku lonse. Yesani nokha: imani pabwalo masana m'mwezi wa Juni, muone kumene uloza mthunzi wanu. Nyengo imeneyo agogo anasamutsa mtondo ndi citini cace kunka kumpoto kwa nyumba, pakuti kumapiri kuno kumazizira ndithu. Inu a kucigwa, ku Lisungwi ndi ku Zalewa, bvuto lanu ndi lina: dzuwa la masana la mwezi wa Okutobala litentha citini kufikira mizu ipsa, ndipo mbande zanu zifuna mthunzi woposa wa kwathu.

Mvula itabweranso amalume anafika ndi khasu lao. Anayang'ana pakhonde, napeza citini cimodzi. Ndinawerama ndi kuwauza zonse. Sanandikalipire iai, anangoti, "Tenga madzi, tiye." Tinakumba dzenje kuseri kwa khola, poyera, ndi kuthiramo ndowe zouma. Mtengowo unacedwa kubala, ndipo pamene nacesi woyamba anapsa ndinali nditasiya kale mabuku a ana. Amene anagulidwa ndi ndalama zace anali a mng'ono wanga.