Za Njanji Zazing'ono za Ana Athu

Inu makolo, amene muwerenga kalata iyi madzulo ntchito zitatha, tifuna kukamba nanu za chinthu chimene ambiri achiyesa chibwana. M'chaka cha 1980 njanji yochokera ku Lilongwe idafika ku Mchinji, ndipo ana a kuno ku Namitete adayamba kuona sitima ya pamtunda ndi maso awo. Tsono chimene mwana aona, manja ake afuna kuchipanga. Chifukwa chake, pamodzi ndi magalimoto a mawaya, ena apanga tisitima ndi kutiyalira njanji kuseri kwa nkhokwe. Kawirikawiri amake asesa zonsezo m'mamawa, kapena atate ake aziponda, nati, "Ulesi umenewu!" Ife tikupemphani kuti muyambe mwaziyang'ana bwino musanasese.

M'chilimwe chapitachi ana amene tiwaphunzitsa adatipempha kamalo patsinde pa mtengo wa mango, ndipo tidawapatsa. Njanji zawo zidali nsungwi zong'amba, zogonekedwa pa timapesi topingasa. Sitima idali ya zitini, mawilo ake zotsekera mabotolo. Atayala njanji adayamba kuumba dziko. Ndi dothi la pachulu adaumba mapiri a Dzalanyama. Adakumba kangalande nakatcha mtsinje wa Namitete, namangapo ulalo. Adazika tinthambi kuti tikhale mitengo, namanga zigafa za fodya ndi tinyumba ta udzu. Ngakhale nkhalango ya kumanda sadaiiwale.

Koma pamene adakoka sitimayo, idagwa pokhota, ndipo pa chitunda mabogi adamasuka nabwerera m'mbuyo. Padauka mkangano waukulu, pakuti kukonza njanji kudafuna kugumula phiri limene adaliumba masiku atatu, ndipo ena adati nkwabwino kungoleka. Pomaliza mtsikana wina adakhoma chikhomo pansi, namangako chingwe, nalemba mzere wokhota pang'onopang'ono, monga achitira amuna poyesa malo a nyumba yozungulira. Adagumula phiri lija, nazula njanji, naiyalanso pa mzerewo, nalambalala chitunda. Ndipo sitima idayenda osagwa.

Zimene adapeza anawa ndi zomwezo zimene asamala amisiri a njanji yeniyeni. Mawilo awiri a sitima ali pa chitsulo chimodzi ndipo azungulira pamodzi, motero sitima siikhoza kukhota mwadzidzidzi monga ngolo ya ng'ombe. Ndiponso pokhota amisiri akweza pang'ono njanji ya kunja. Chitsulo chiterera pa chitsulo chinzake, tsono njanji ikakwera mamita 2 pa mamita 100, chimenecho nchitunda ndithu kwa sitima yolemedwa. Mpata wa pakati pa njanji ziwiri uyenera kukhala umodzimodzi ponseponse; m'Malawi muno ndi mamilimita 1,067. Koma mdani woposa onse ndi madzi. M'chaka cha 1997 madzi osefukira adakokolola njanji pafupi ndi Chiromo, ndipo sitima zidaleka kufika ku Nsanje zaka zambiri. Ana athu adaphunzira zimenezi pa mvula ya chizimalupsa: adakweza njanji yawo pa timiyala, naika mabango oboola pansi pake kuti madzi apite.

Musaganize kuti ntchito yotereyi nja ana okha. Ku Ulaya akuluakulu aimvi omwe aichita m'nyumba zawo. M'chaka cha 1891 kampani ya Märklin ya ku Germany idayamba kugulitsa tisitima ndi tinjanji tolumikiza ta muyeso wodziwika. Lero muyeso wofala kwambiri ndi umene autcha HO, pamene chinthu chilichonse, nyumba, mtengo kapena munthu, achichepetsa ka 87. Pa muyeso umenewo mpata wa njanji yathu ukadakhala mamilimita 12 okha. Mumzinda wa Hamburg muli nyumba yotchedwa Miniatur Wunderland, imene idatsegulidwa m'chaka cha 2001, ndipo anthu achoka kutali kukaona tisitima tikuyenda pakati pa mapiri ndi mizinda youmba. Iwo ali ndi ndalama, ana athu ali ndi dothi ndi mapesi. Koma nzeru yoyesa, yogumula ndi yomanganso ndi imodzi.

Nzeru imeneyi ndiyo ifunika kwa kalipentala ndi kwa mmisiri womanga nyumba. Mwana amene adalola kugumula phiri lake kuti njanji iongoke, sadzabisa khoma lopotoka ndi pulasitala akadzakula; ndipo akadzapita ku sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete, chingwe ndi muyeso sizidzakhala zachilendo kwa iye. Akulu adati mmera mpoyamba.

Tsono, abale, akatha kutunga madzi ndi kukusa mbuzi, muwapatse anawo kamalo ndi kanthawi. Muwafunse chifukwa chake sitima yagwa, koma musawakonzere. Muwalangize zinthu ziwiri zokha: asadule waya pa mpanda wa mwini, ndipo asasewere pa njanji yeniyeni kapena kutolapo miyala ndi zitsulo, ngakhale papite masiku ambiri sitima isanadutse, pakuti sitima siikhoza kuima msanga, ngakhale woyendetsa amuone mwana ali patali.