Ndiwo zanga zokoma zinadwalitsa amayi

Abale anzanga a mumsika, leroli ndikufuna kuulula tchimo langa. Ine ndimaphika nsima ndi ndiwo pamsika wa Nkolokosa, ndipo makasitomala amanditama kuti msuzi wanga ulibe unzake. Chinsinsi chake? Timakiyubu tiwiri mumphika, kenaka kaufa kasupu pamwamba. Kunyumbanso ndinkachita chimodzimodzi.

Tsiku lina amayi anga anagwa chizungulire akutsuka mbale. Kuchipatala anati ndi BP, achepetse mchere. Ine n'kubwera n'kubisa botolo la mchere, basi ndathana nazo. Patatha mwezi tinabwererako, BP osatsika. Anamwino anandiyang'ana n'kufunsa: "Kodi mayi, m'ndiwo mumathiramo chiyani?" Nditatchula makiyubu ndi soda wa m'therere, anangogwira kukamwa.

Ndi pomwe ndinadziwa kuti mdani si mchere wa m'botolo wokha ayi, koma sodiyamu amene ali mumcherewo. Kakiyubu kaja mbali yaikulu ndi mchere womwewo. Mumakhalanso MSG, kaufa kokometsa kamene anatulukira katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, mu 1908. MSG payekha si poizoni monga amanenera ena pa minibasi, koma nayenso ali ndi sodiyamu. Soda wa m'therere ndi chigwada, sodiyamu yemweyo, kuphatikizanso amaononga mavitamini ena a m'masamba. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi basi. Ine ndinkawapyoletsa amayi muyezo umenewu ndiwo za masana zokha!

Musandimve molakwa, zothira m'zakudya si zonse zoipa. Ayodini wa mumchere amateteza chithokomiro, ndipo shuga wathu amamuthira vitamini A. Nkhani ndi kudziwa chomwe ukuthira mumphika. Papaketi, chimene chalembedwa poyamba pamndandanda ndicho chachuluka. Muonenso chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Nanga timaufa tija tomanga m'timapepala topanda dzina, ndani akudziwa zili m'katimo?

Tsiku loyamba kuphika popanda kiyubu, amayi anakankha mbale. "Mwanangu, ndakulakwira chiyani?" Misozi inalengeza m'maso mwanga. Koma ndinalimba mtima. Ndinayamba kukazinga anyezi mpaka afiire, tomato wakupsa wambiri, adyo, nsinjiro, nthawi zina kusinja usipa wouma n'kuwaza. Kukoma kumene Ikeda anakutsekera m'paketi kuli kale mu tomato ndi bowa, chilengereni. Lero amayi amamwa mankhwala awo, amadya bwino, BP inakhazikika.

Pamsika ndiye nkhondo ikadalipo. Kasitomala mmodzi, dalaivala, anandithawa ati msuzi wazizira. Zinandiwawa, ndalama ndimaifuna. Koma ambiri amene amadya pabenchi langa ndi a msinkhu wa amayi anga, ndipo tsopano botolo la mchere ndimaliika patebulo, wofuna adzithirire yekha.