Kuthamanga Sikwa Ana Okha

Amayi anzanga, kwathu kuno mayi wapabanja akathamanga, anthu amatuluka m'nyumba kudzafunsa kuti kwagwanji. Tinazolowera kuti mayi amathamanga pokhapokha mwana akagwera pamoto kapena mbuzi zikalowa m'dimba. Koma tawerengani anzathu a m'gulu amene akumwa mankhwala a shuga ndi a matenda othamanga magazi. Kodi ndi ochepa?

M'chaka cha 2020, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena mphindi 75 ngati ndi masewera amphamvu monga kuthamanga. Inu amene mumalima ndi kutunga madzi kutali, mbali yaikulu mwaigwira kale. Koma ife amene timaswera pabenchi ya tomato, pamakina osokera kapena mu ofesi, mtima wathu umangogona.

Ine ndinayamba zaka 40 zitakwana kale, ndipo chimene ndaphunzira n'chakuti kuthamanga kumayamba ndi kuyenda. Yendani mwandawala mphindi 5 kuti thupi litenthe. Kenaka thamangani pang'onopang'ono mphindi imodzi, yendani mphindi 2, ndipo bwerezani kasanu ndi katatu. Chitani zimenezi masiku atatu pa sabata, modumphitsa tsiku, chifukwa minofu imalimba pa tsiku lopumulalo. Sabata iliyonse onjezani pang'ono pothamanga, chepetsani poyenda. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Ngati mukulephera kuyankha mnzanu chifukwa cha wefuwefu, liwiro lachuluka, bwererani koyenda.

Patapata asiyeni kunyumba. Pezani nsapato zofewa zomanga ndi zingwe, ngakhale za pakaunjika, zosiya mpata kuzala. Valani kamisolo wogwira bwino, ndipo chitenje chimangidwe mokwezako, kabudula wamtali ali m'kati. Nyamukani kutangoyera, dzuwa lisanakalipe, makamaka mu Okutobala. Njira yadothi kapena bwalo la sukulu ndi zabwino koposa tala. Mukakhala pamsewu, tsatani dzanja lamanja kuti galimoto muziziona zikubwera.

Kuphwanya kwa ntchafu kwa masiku awiri oyamba kusakuopseni. Koma mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena bondo kubaya, imani ndipo pitani kuchipatala. Oyembekezera, amene achira kumene, ndi amene ali pa mankhwala a magazi kapena shuga, ayambe afunsa adokotala. Palinso nkhani imene ambiri timaibisa: ena mwa ife amene tinabereka, mkodzo umadontha tikathamanga. Musachite manyazi, auzeni anamwino. Pali njira zolimbitsira minofu ya m'chiuno.

Chovuta chenicheni ndi maso a anthu. Fotokozerani bambo a kunyumba bwinobwino chimene mukufuna, kuti asamve kwa ena. Ndipo musapite nokha. Atatu kapena anayi mumatetezana, komanso mnzanu akaodira pakhomo, bulangeti limavuta kulikakamira. Kwathu oseka aja anatopa msanga, ndipo ena a iwo ndiwo amatidzutsa masiku ano.

Catherine Chikwakwa anaimira Malawi ku masewera a Olimpiki ku Sydney mu 2000 ndi ku Athens mu 2004, ndipo tonse tinanyadira. Ifeyo sitikufuna mendulo. Tikufuna kuti adzukulu adzatipeze tili ndi mphamvu zowabereka kumbuyo. Tsono pamsonkhano wa gulu ukubwerawu, sankhani tsiku ndi malo okumanirana.