Ng'ombe za pa nsanja ku Laon

Usiku wathawu tulo tinandithawa, ndiye ndinangokhalira kuyang'ana zithunzi za tchalitchi chachikulu cha ku Laon, kumpoto kwa France. Abale inu, pa nsanja zake pali ng'ombe! Zosema pamwala, zokwana 16, zasuzumira pakati pa zipilala, mitu yoweramira pansi ngati zikudikira mbusa adzazitsegulire khola.

Mzindawu uli pamwamba pa phiri, mamita pafupifupi 100 kuchokera m'chigwa, ndipo ngolo za miyala yomangira tchalitchichi zinkakwera mtundawo mokokedwa ndi ng'ombe. Nthano ya kumeneko imati tsiku lina ng'ombe ina italefuka panjira, kunatulukira ina yosadziwika mwini wake, n'kukoka ngolo mpaka pamwamba, kenako zii, osaonekanso.

Tchalitchi chakale chinapsa mu 1112 anthu a mumzindamo atagalukira bishopu wawo, Gaudry. Anamupeza atabisala mu mgolo n'kumupha. Chomwe chilipo lerochi anayamba kuchimanga cha m'ma 1150, kamangidwe ka Gothic kakungophuka kumene. Makomo ndi mazenera ake ndi osongoka kumutu, denga lamiyala lakhala pa nthiti zotsikira m'zipilala, motero khoma linapepukidwa katundu, amisiri n'kumaliboola kuti dzuwa lilowe. Mkati khomalo lasanjikana kanayi. Nsanja ankafuna zisanu ndi ziwiri, zilipo zisanu.

Koma ine mtima wanga uli pa ng'ombe zija basi. Mmisiri wina wa m'zaka za m'ma 1200, Villard de Honnecourt, nayenso atafika anajambula nsanjayo m'kabuku kake, ng'ombezo osazisiya.