Masiku Asanu ndi Anayi M'nyumba ya Alendo ku Olinda

Ife ndi mayi a kunyumba sitinali kuganiza kuti tsiku lina tidzaoloka nyanja yamchere. Koma mwana wathu wachiwiri, amene anapita ku Brazil kukachita maphunziro a zaulimi, anaumirira kuti tikaone ndi maso athu tsiku lotsiriza maphunziro ake. Tsono m'mwezi wa Ogasiti 2023 tinanyamuka ku Lilongwe, kudzera ku Addis Ababa ndi ku São Paulo, kufikira tinakatera mu mzinda wa Recife, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo.

Mnyamatayo ankagona m'kachipinda kamodzi ndi anzake awiri, kotero sakanatha kutisunga. Anatipezera malo ku Olinda, mzinda wakale wokhala pa zitunda za m'mbali mwa nyanja, makilomita owerengeka kumpoto kwa Recife, m'nyumba imene eni dziko amaitcha pousada. Musaganize za hotela ayi. Pousada ndi nyumba ya banja imene eni ake apatulako zipinda zingapo zogonamo alendo, ndipo mtengo wa usiku umodzi umaphatikizapo chakudya cham'mawa. Kwathu kuno munthu wopemphera akamva za resitihausi amayamba watsokomola, pakuti tonse tidziwa zimene zimachitika m'malo ena otere. Tiulule kuti mkulu wa mpingo ndi mayi wa Chigwirizano tinafika pakhomo paja mitima ili m'mwamba.

Poionera kumsewu nyumbayo inali yopapatiza: khomo limodzi, mazenera awiri, khoma lachikasu logundana ndi makoma a nyumba zinzake, ndi denga la matailosi ofiira. Koma mukalowa imangopitirira mkati ngati una wa mbewa, chipinda kutsata chipinda, kufikira mutatulukira kuseri m'kamunda ka mango, mapapaya ndi mitengo ya kokonati, mmene tiapusi tating'ono ngati agologolo tinkathamanga pamwamba pa mpanda. Pakhonde panamangidwa nsalu yolenjekeka imene iwo amati rede. Ife tinaitcha machila, pokumbukira aja ankanyamuliramo amishoni akale. Koma kumeneko aliyense amagonamo, ndipo palibe amene amasenza mnzake.

Mwini nyumba anali mayi wamasiye wa zaka zopitirira 70, woyera khungu, Mkatolika wosaphonya misa, amene ankayatsa kandulo patsogolo pa fano la Maria madzulo alionse. Mwana wathu powalonjera anati Dona, ndipo mayi a kunyumba anatitsina, nanong'ona kuti, "Bambo, tafikira kwa adona enieni." Kwathu dona ndi mkazi wosagwira mthiko, kumeneko ndi ulemu chabe wopatsa mayi wachikulire aliyense. Adona awa anatilanda chikwama chimodzi nachinyamula okha.

M'mawa mwake mnyamata uja anabwerera kusukulu, natisiya ndi munthu wosadziwa Chingerezi, ifenso osadziwa Chipwitikizi. Anatiikira m'lamya ya m'manja njira yomasulira mawu, koma zala za anthu a msinkhu wathu zimachedwa, ndipo nkhani imazizira. Chimene chinatimasula pakamwa ndi mvula. Titabwera konyowa, Dona analoza kumapazi athu nati, "Sapato." Tinayang'anana. Mphunzitsi sataya mwayi wotere: tinatulutsa kope, ndipo madzulo amenewo tinakhala pansi kusaka mawu a pachibale. Kalata ndi carta, mbatata ndi batata, mbendera ndi bandeira, makina ndi máquina, vinyo ndi vinho. Apwitikizi omwewo amene anafika ku Brazil mu 1500 anakhalanso ku Sena ndi ku Tete, ndipo mawu awo anakwera Zambezi ndi Shire pamodzi ndi nsalu ndi mikanda. Dona pokondwa anathamangira kukabati, nabwera ndi botolo la mowa wotcheza wa nzimbe kuti atilandire nao. Titafunsa dzina lake anati cachaça. Abale, tinayenda ulendo wonse uja kukapeza kwao kwa kachasu! Tinakana mwaulemu, iwo sanakwiye, anatifinyira madzi a zipatso.

Gome la m'mawa ndilo mtima wa nyumba zoterezi. Ku Olinda kumacha msanga, nthawi ya 5 koloko kunja kwayera kale, ndipo pofika 7 koloko alendo onse tinali pa tebulo limodzi lalitali la kukhonde. Panali chinangwa chowiritsa chimene amati macaxeira, mbatata, papaya, tchizi chootcha ndi khofi wakuda bii. Panali tapioca, tizitumbuwa toyera tosalala ta ufa wa chinangwa, topindiramo kokonati wopala. Panalinso cuscuz, chimanga chachikasu chosinja chophika ndi nthunzi m'kampoto ka zipinda ziwiri, madzi pansi, ufa pamwamba. Takhala tikuphunzitsa ana zaka zambiri kuti chinangwa chinachokera ku South America, koma kuchidya kwao komweko, pakati pa anthu ochilemekeza monga chakudya cha alendo, kunatichititsa manyazi pang'ono. Pakuti m'midzi yathu ina chimakumbukiridwa chimanga chikatha m'nkhokwe.

Zonsezi ankaphika ndi mayi wina wakuda ngati ife, wa zaka za m'ma 50, wochepa mawu. Ankafika kusanache atakwera mabasi awiri, naika mbale patebulo, nabwerera kukhitchini. Masiku atatu oyamba sitinamlabadire kwenikweni.

Maganizo athu anali pa zina. Kuchokera panyumbapo munthu amakwera msewu woyala miyala, wotsetsereka wopweteka mawondo, kufika pamwamba potchedwa Alto da Sé. Mukaima pamenepo muona madenga ofiira ndi nsanja za matchalitchi pakati pa mitengo, nyanja ya Atlantic yobiriwira, ndi chakumwera nyumba zazitali za Recife. Olinda anaukhazikitsa ndi Duarte Coelho mu 1535, ndipo unalemera ndi shuga. Shuga yemweyo ndiye anakopa kampani ya malonda ya Adatchi, West India Company, imene inalanda deralo mu 1630, nitentha Olinda mu 1631, nikhazikika ku Recife kumene kuli doko. Anakhalako zaka 24.

Apa mpamene mtima wa mkulu wa mpingo unadumpha. Adatchiwo anabwera ndi abusa a mpingo wa Reformed, anali ndi akulu a mpingo ndi atumiki, ankachita misonkhano ya mipingo, ndipo ankaphunzitsa Katekisma wa Heidelberg, yemwe uja wa 1563 amene ifenso tinakulira naye m'kalasi. Analalikira kwa eni nthaka a mtundu wa Potiguara, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo, Pedro Poti, atagwidwa ndi Apwitikizi pa nkhondo ya ku Guararapes mu 1649, anakana kusiya chikhulupiriro chake, nafera m'chombo mu 1652 akupita naye ku Portugal. Chaka chomwecho cha 1652 Adatchi ena anakocheza ku Cape, kumene patapita zaka zoposa 200 kunachokera A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amene anamanga msasa pa Mvera mu 1889. Tinaona ngati tapeza manda a achibale kuchilendo.

Loweruka mwana wathu anatitengera ku Recife. Tinaoloka mtsinje wa Capibaribe pa mlatho wotchedwa dzina la Maurício de Nassau, bwanamkubwa wa Adatchi kuyambira 1637 kufikira 1644, amene anthu a kumeneko amamtchulabe mwaulemu. Tinaona tchalitchi cha Akatolika cha Espírito Santo, chimene chinaima pamene panali nyumba yopemphereramo Akalvini olankhula Chifalansa. Ife tili kusimba mokondwa, mnyamatayo anatidula pang'onopang'ono. "Bambo," anatero, "kodi mukudziwa amene ankadula nzimbezo?" Natiuza kuti zombo zimene zinakalanda Elmina mu 1637 ndi Luanda mu 1641 zinanyamukira padoko lomwelo, ndipo chimene zinkafuna kumeneko ndi akapolo. Kampani imene inkalipira abusa ndi yomwe inkagulitsa anthu. Adatchi atagonja mu 1654 anakwera zombo, ndipo mpingo wao unakwera nawo.

Tinabwerera ku Olinda tili chete m'basi. Anthu a ku Africa oposa 4 miliyoni anatengedwa kupita ku Brazil, kuposa dziko lina lililonse, ndipo ukapolo unathetsedwa mochedwa, pa 13 Meyi 1888, kutangotsala chaka chimodzi kuti Mvera akhazikike. Ambiri a ku Pernambuco, chigawo chimene muli Recife ndi Olinda, anachokera ku Angola. Koma m'zaka za m'ma 1800 zombo zinkanyamulanso anthu ku Quelimane, ndipo pakati pao panali Amakua, Ayao ndi olankhula chinenero chathu. M'mawa mwake mayi uja ataika chinangwa patsogolo pathu, tinamuyang'ana kumaso kwa nthawi yoyamba.

Lolemba mayi a kunyumba anati thupi lao lalema ndi zakudya zopepuka. Anali atabisa mthiko m'chikwama pochoka kwathu, osatiuza. Anapempha ndi manja kuti alowe kukhitchini, ndipo anawapatsa ufa wosalala wachikasu wotchedwa fubá. Phala litayamba kuthithima, naonjezera ufa, nayamba kuvundula, wophika uja anasiya mbale zimene ankatsuka, nayandikira, nafuula kuti, "Angu!" Madzulo mwana wathu atabwera anatimasulira zonse. Agogo ake a mayiyo ankaphika chomwecho kumudzi kwao kuminda ya nzimbe. Ndipo poona ife tikutema mbamu ndi kuikulunga m'dzanja, anaseka mpaka misozi, nati agogo omwewo ankakanya nyemba ndi ufa wa chinangwa m'manja, ndipo timibulu timeneto amatitcha capitão. Kapitawo! Tinalemba mawuwo m'kope muja.

Nsima ndi nyemba zitafika patebulo, mayi a kunyumba anakoka mpando namuitana kuti akhale nafe. Iye sanakhale. Anayang'ana kwa Dona. Inali kamphindi kochepa kwambiri, koma tonse tinaiona. Dona anazengereza, nakonzakonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzeka kale, kenaka anatenga mbale ina naiika pamalopo. Awiriwa anagwira ntchito limodzi zaka zambiri, ankakondana moonekeratu, koma zinali zosachita kufunsa kuti pa tebulo la alendo anali asanadyerepo pamodzi.

Mwana wathu anatifotokozera pambuyo pake kuti nyumba zambiri za kumeneko, ngakhale zosanja za makono, zinamangidwa ndi kachipinda kakang'ono kuseri kwa khitchini kogonamo wantchito, ndi kuti antchito a m'nyumba anapatsidwa ufulu wofanana ndi antchito ena pa maola a ntchito mu 2013 mwa. Tinapukusa mutu modandaula. Koma usiku, nyale itazima, mayi a kunyumba anatifunsa mumdima, "Bambo, nanga mtsikana uja wa kwathu amadyera pati?" Tili ndi mtsikana wochokera kumudzi amene amatithandiza pakhomo. Amadzuka ife tisanadzuke, amadyera kukhitchini pampando wa ndalema, ndipo analekeza sukulu Sitandade 6, ali m'nyumba ya mphunzitsi. Tinali titakonzeka kuweruza Adatchi a zaka 400 zapitazo ndi Dona wa chipinda chinacho. Sitinayankhe, ndipo tulo tinabwera mochedwa.

Pa Sabata lotsiriza tinafuna kukapembedza ndi abale a mpingo wathu. Mpingo wa Presbyterian wa ku Brazil suchokera kwa Adatchi aja ayi. Unayamba ndi Ashbel Green Simonton wa ku America, amene anafika ku Rio de Janeiro mu 1859, ndipo ku Recife ntchito anaiyamba John Rockwell Smith mu 1873. Chizolowezi chao nchakuti m'mawa akulu ndi ana omwe amakhala m'makalasi a Sande sukulu, ndipo mapemphero aakulu amachitika madzulo. Dona, Mkatolika uja, ndiwo anafunsira kwa oyandikana nawo za nthawi yake, naitana galimoto, nalemba papepala dzina la msewu wa panyumbapo kuti tisasokere pobwera. Ulaliki sitinaumve kupatula maina a m'Buku Lopatulika, koma nyimbo ziwiri tinazizindikira mayimbidwe ake, ndipo tinayimba m'Chichewa iwo akuyimba m'Chipwitikizi. Titawauza kuti ndife mkulu wa mpingo, ma presbítero anatikumbatira mmodzimmodzi, mwambo umene kwathu tikanauona wachilendo. Tinabwerera 10 koloko itadutsa, ndipo tinapeza Dona akusinza pampando pafupi ndi khomo, kiyi ali m'dzanja, kandulo yao ija itatsala pang'ono kutha.

Tsiku lonyamuka wophika uja anafika ndi kaphukusi ka m'nyuzipepala. Munali kampoto katsopano ka cuscuz, kamene ayenera kuti anagula ndi ndalama zake. Mayi a kunyumba analowa m'chipinda, natuluka ndi mthiko uja, namupatsa ndi manja awiri. Iye anaupachika pa msomali pambali pa zipande zake. Dona anatiperekeza kufikira pamene msewu uyamba kutsetsereka, nabwerera chifukwa cha mawondo.

Kampotoko tinakayesa titafika kwathu, ndi mgaiwa wathu woyera. Koyamba zinatuluka zolimba ngati njerwa, kachiwiri zinangomwazika. Anadzapeza muyeso wa madzi ndi mtsikana uja, tsiku lina ataweruka kusukulu, kumene anabwerera mu Seputembala.