Chinenero Chomwe Makina Anga Amamva

Ife okonda zolembalemba tidazolowera kuti liwu limodzi litha kusenza matanthauzo awiri kapena atatu, wowerenga n'kusankhapo lomwe lamukomera. Makina osemera matabwa otchedwa CNC, omwe ndimacheza nawo Loweruka lililonse, sadziwa zimenezo. Chomwe wawauza ndi chomwe amachita, ngakhale chikhale choononga thabwa la mlombwa lomwe wagula ndi ndalama ya ndiwo.

Chinenero chawo ndi G-code, chomwe chiyambi chake ndi kafukufuku wa ku MIT, ku America, m'zaka za m'ma 1950. Mawu ake ndi afupiafupi. G00 ndiye kuti thamangira apo osasema, G01 sema mzere wowongoka, pomwe G02 ndi G03 ndi kusema mokhota. G21 amauza makinawo kuwerenga m'mamilimita, G20 m'mainchesi. Poti inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4, kusemphanitsa awiriwa n'kutumiza nsonga yosemera kutali komwe sumalingalira.

Monga Chichewa cha ku Kasungu chimasiyanako ndi Chinyanja cha ku Chipata, G-code nayenso salankhulidwa mofanana paliponse. Pulogalamu ya GRBL, yomwe adayambitsa Simen Svale Skogsrud wa ku Norway mu 2009, imakwana m'kabolodi kotsika mtengo ka Arduino Uno, koma siimva lamulo la G81 loboolera mabowo. LinuxCNC, yomwe idachokera ku pulogalamu ya EMC ya bungwe la NIST la boma la America, imalimva bwinobwino, kungoti imafuna kompyuta yakeyake. Mach3 nayo ndi yogula ndipo imayendera Windows. Ine ndidasankha GRBL. Ntchito yanga ndi kulemba maina pa zikwangwani ndi kujambula maluwa pa mipando, choncho mawu ochepa omwe GRBL imadziwa amandikwanira.

Komabe kumva lamulo sikulichita. Chimakankha nsonga ija ndi mota yoyenda modukizadukiza, ya stepper, yomwe kawirikawiri imatembenuka madigiri 1.8 pa sitepe imodzi, kutanthauza masitepe 200 kuti izungulire kamodzi. Paja tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Pakati pa bolodi ndi mota pamakhala dilaiva, kachipangizo komwe kamalandira uthenga wofooka n'kupereka magetsi amphamvu. Dilaiva ya A4988 imagawa sitepe imodzi mpaka magawo 16, ya DRV8825 mpaka 32. Zonsezi zimayenerana ndi mota zazing'ono za NEMA 17. Mota zanga ndi za NEMA 23, zofuna magetsi ochulukirapo, motero ndidasunga ndalama kwa miyezi ingapo kuti ndigule madilaiva a DM542.

Chifukwa chodikirira miyezi yonseyo n'chakuti dilaiva yochepa mphamvu imatentha n'kudzizimitsa, kapena mota imaphonya masitepe ikakumana ndi mfundo ya m'thabwa. Choopsa n'chakuti bolodi silidziwa kuti sitepe yaphonyeka. Limapitiriza kuwerenga ngati zonse zili bwino, ndipo chilembo chilichonse chotsatira chimakhala pamalo polakwika. Kugawa sitepe kambiri kumasalalitsa kayendedwe ndi kuchepetsa phokoso, koma sikuonjezera mphamvu.

Masamu ake sasowa digiri. Ngati chitsulo cha mazinga chimasuntha nsonga mamilimita 8 chikazungulira kamodzi, ndipo sitepe yagawidwa magawo 16, timachulukitsa 200 ndi 16 n'kupeza 3,200. Tikagawa ndi 8, yankho ndi masitepe 400 pa milimita imodzi. Nambala imeneyi ndiyo umaiuza GRBL.

Mmisiri wosema ndi sompho amamva m'dzanja mwake mtengo ukayamba kukana, n'kufewetsa nkhonya. Makina alibe dzanja lomva chotero, n'chifukwa chake udindo wonse umatsalira wolemba malamulo. Ndisanaseme dzina la munthu, ndimayamba ndayendetsa makinawo m'malere, nsonga isakukhudza thabwa, uku ndikutsatira mzere uliwonse ndi maso. Ndimachitanso chimodzimodzi ndi nkhani zanga, kuziwerenga mokweza ndisanazitumize kwa mkonzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mkonzi atha kundibwezera pepala kuti ndikonze, pomwe thabwa losemedwa molakwika limangopita pamoto.